Telala Amene Ankauka Lachisanu Lililonse

Cholakwa chake ndi ichi: munthu adamwalira, adaikidwa m'manda, anthu adalira n'kubalalika, koma wina ankamudzutsa Lachisanu lililonse. Wochita zimenezi ndi Chala, wolemba anthu mumsika, wa malaya opanda batani la pakhosi uja. Ndamutchula poyambirira pomwe kuti pasapezeke wofunsa kuti ndani.

Womwalirayo anali telala wa pageti la msika. Aliyense ankangoti a Telala, ngakhale mkazi wawo akakwiya. Mkazi wawoyo anthu adamupatsa dzina loti Mayi a Zipi, chifukwa zaka zonse zimene adakhala pambali pa amuna awo, yawo inali ya mazipi: a mathalauza, a zikwama, a majekete. Abambo ankadula ndi kusoka, amayi ankaika zipi ndi kukangana ndi makasitomala. Abambo atapita, amayi adakokera mpando pamakina n'kuyamba kuchita zonse okha. Kudula kudawavuta pang'ono. Kukangana ayi.

Malo a pageti si malo wamba. Munthu zipi ikamuthera mu minibasi, amatsika atagwira thalauza ndi dzanja limodzi, ndipo safuna kuyenda msika wonse anthu akumuyang'ana. Amakhota pa telala woyamba. Malo amenewo ndi amene adalera ana a Mayi a Zipi, ndipo ndi amene ankawadyetsa iwowo tsopano.

Ndiye kutsidya kwa msewu adamanga msika watsopano, wa mashopu a njerwa ndi zitseko zachitsulo. Lamulo lake adalimata pakhoma. Aliyense wokhala ndi malo mumsika wakale alandira shopu yolingana nawo, wa pageti pageti, wakumbuyo kumbuyo. Tsiku logawa makiyi, mwini dzina abwere yekha. Ndipo mumsika watsopano mulibe zosiyirana: mwini shopu akamwalira, shopu ipita kwa amene ali patsogolo pamzere wa odikira. Wofuna kusintha dzina asinthe msika usanasamuke.

Patsogolo pa mzere wa odikirawo panali mlamu wawo, mng'ono wa malemu, wogulitsa makava a foni ndi machaja pathabwa kunja kwa mpanda. Lamulolo litangomatidwa, adayamba kudutsa pageti m'mawa uliwonse.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Msana uli bwanji? Makinawa ndi olemera kwa munthu wamayi."

"Msana uli bwino, alamu. Maso anuwo ndiye akuoneka olemera. Achotseni pamalo anga."

Mayi a Zipi sadachedwe. Adatseka makina, adatenga kalata ya kuchipatala, n'kukwera chitunda kupita ku ofesi ya msika. Ofesiyo ili pamwamba pa sitolo ya penti, kachipinda kamodzi ka mashelefu opindika, ndipo pakompyuta pamakhala mtsikana wa magalasi akuluakulu, amene msika wonse umangomutcha Magalasi. Mwana waulemu, ndisamunamizire.

"Pepani kwambiri, mayi," adatero Magalasi, akudinadina. "Basi, ndalemba kuti adamwalira. Mubwere Lolemba. Abwana amasaina zosintha mayina Lolemba lokha."

Lolemba adapita atavala diresi lawo labwino. Abwana, bambo wa mimba yake ndi makiyi ambiri palamba, adasuzumira pakompyuta, n'kuwayang'ana iwo, n'kusuzumiranso.

"Mayi, amuna anu ali moyo."

"Ali moyo kuti?"

"Apa. Akuti sabata yonse yatha anali pantchito."

"Ndiye auzeni abwere kunyumba, denga likudontha."

Abwana sadaseke. Adati malo a munthu wamoyo sangawalembe dzina la wina, pokhapokha mwini wakeyo abwere adzasaine. Magalasi adati mwina dzanja lake lidaphonya, adalembanso kuti adamwalira, n'kuwauza kuti abwerenso Lolemba linalo.

Lolemba linalo, a Telala anali moyo. Linzakenso chimodzimodzi.

Nkhani idafika mumsika iwo asanatsike n'chitunda chomwe. A Nsapato, osoka nsapato oyandikana nawo, amene adakhala zaka akumwera tiyi kapu imodzi ndi malemu, ndiwo adaikonda kwambiri.

"Achemwali, mnzanga uja wauka liti? Sabwera kudzandipatsa moni bwanji?"

"Akabwera ndiwauza kuti sizasi yawo munabwereka simunabweze."

"Ayi, ngati ndi choncho angogona."

Anthu ankaseka, iwonso ankaseka, koma masiku ankatha. Zitseko za msika watsopano zinali zitapakidwa kale penti, ndipo mlamu uja adayamba kuyeza ndi maso pamene adzapachike makava ake.

Ulendo wotsatira sadavale diresi labwino. Adalowa mu ofesi ndi ulusi kumutu, n'kukhala pampando osauzidwa.

"Mwana wanga, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma munthu ndinamusambitsa ndekha m'chipatala, ndinamuona akutsekedwa maso. Undiuze bwinobwino. Ndani akumudzutsa?"

Magalasi adavula magalasi ake, adawapukuta, n'kuyamba kufotokoza ngati munthu amene wakhala akuiganizira nkhaniyo masiku angapo.

"Mayi, mukudziwa kuti mumsika muja netiweki mulibe."

Zimenezo ankadziwa. Msikawo uli m'chigwa, ndipo wofuna kuimba foni amakakwera pamulu wa njerwa kuseri kwa zimbudzi, n'kumakuwa ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje.

"Ndiye olemba athu sangalembe m'kompyuta muno ali kumeneko. Aliyense amayenda ndi tabuleti yake, ndipo m'tabuletimo muli mayina a anthu onse a mumsika, monga mmene alili muno. Sabata yonse iye amalemba zake kumeneko, ine ndimalemba zanga kuno, osamvana. Lachisanu madzulo amabwera nayo, timailumikiza, ziwirizi zimauzana zimene zaona. Zikagwirizana, palibe vuto. Zikasiyana pa munthu mmodzi, makina amatenga zimene zalembedwa pomaliza."

"Pomaliza."

"Eya. Ine ndimalemba Lolemba kuti adamwalira. Wina amalemba Lachisanu m'mawa kuti alipo. Lachisanu ndi lapambuyo. Ndiye zanga zimafufutika."

Mayi a Zipi adagwedeza mutu. "Ndiye kuti zili ngati mkangano wa pampopi. Wolankhula pomaliza ndiye wawina, ngakhale akunama."

"Ndi choncho kumene."

"Nanga wabodzayo ndani?"

Magalasi adatembenuza kompyuta. Pambali pa dzina la malemu panali dzina la wolemba, tsiku ndi tsiku, osadumpha. Chala.

Mayi a Zipi adamupeza Chala kumene amapezeka m'mawa uliwonse, kwa wometa tsitsi, atakhala pabenchi, akutsutsana ndi anzake za mpira. Ntchito yake ndi yoyenda mzere ndi mzere, kuona amene watsegula ndi amene sanatsegule. Koma m'tabuleti muja muli batani limodzi lalikulu loti onse alipo, ndipo Chala adalitulukira kalekale. Chala chimodzi, msika wonse walembedwa. Dzina lakelo lidachokera pamenepo.

"Iwe, amuna anga unawaona liti?"

Chala adaimirira mwaulemu, n'kubisa tabuleti kumbuyo. "Pepani, mayi, za maliro zija. Ndinalipo ine, mwina simunandione."

"Pamaliro unalipo, koma m'mawa mwake unalemba kuti ali pantchito."

"Mayi, ine ndimalemba malo. Malo anu ndi otsegula tsiku lililonse. Mumafika m'mamawa kuposa aliyense."

"Ndiye ukuti ndikuwadzutsa ndine?"

"Sindinatero. Koma mukanakhala munthu wojombajomba..."

Wometa uja adazimitsa makina ake kuti amve bwino.

Chala adalonjeza kuti kuyambira tsiku limenelo aziyenda mzere ndi mzere, ndipo pa a Telala azilemba kuti sanabwere. Adachitadi zimenezo, thukuta lili kamukamu, anthu akumufunsa ngati wasochera. Lolemba a Telala anali moyo.

"Munthu wosabwera kuntchito ndi wamoyo, mayi," adatero Magalasi, mawu ali pansi. "Wangojomba. Chofunika n'chakuti dzinalo asalikhudze n'komwe."

Chala adalonjezanso. Adapirira Lolemba, adapirira Lachiwiri. Lachitatu timu yake idawina, ndipo chala chidapita chokha pabatani lalikulu lija. Adadzaulula yekha, chipewa chili m'manja.

Lolemba lotsala linali limodzi. Likadutsa limenelo, zosintha mayina zatsekedwa.

Apa m'pamene Mayi a Zipi adasiya kudalira malonjezo a amuna. Adapangana ndi Magalasi kuti Lachisanu limenelo imfa ilembedwe pomaliza, tabuleti ili pamaso pawo, mwini wake asanaikhudzenso. Lachisanu m'mawa adalowa kwa wometa. Chala anali pampando, nsalu ili m'khosi, mutu wametedwa mbali imodzi. Tabuleti inali pashelefu pambali pa zipeso. Adaitenga, adaikulunga munsalu, n'kuibereka kumbuyo ngati mwana.

"Mayi, ameneyo ndi katundu wa ofesi."

"Ku ofesi komweko ndiye tikupita. Tiye."

"Ndimalize kaye kumeta."

"Amuna anga sanamalize kumwalira, iwe ukudandaula tsitsi?"

Adakwera chitunda, amayi patsogolo ndi mwana wawo wachilendoyo, Chala pambuyo ndi mutu wake wa mbali imodzi. Amayi ogulitsa tomato ankafunsa kuti mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi. A Nsapato adakuwa ali pamalo pawo kuti akafika akamupatse katemera.

Mu ofesi, Mayi a Zipi adalamula Chala kuti akhalire manja ake onse awiri, ndipo adakhaliradi. Magalasi adalemba kuti adamwalira. Kenaka adamasula tabuleti munsalu muja, adailumikiza, kachinthu kena n'kuyamba kuzungulira pagalasi. Katasiya kuzungulira, Magalasi adatsegula mayina a m'tabuleti ya Chala n'kuwaonetsa. Dzina la a Telala linali litazilala, lotuwa ngati nsalu yochapidwa kambiri.

"Basi, mayi. Tsopano zonse ziwiri zikudziwa."

Mayi a Zipi ankaganiza kuti asangalala. Koma adaliyang'ana dzinalo nthawi yaitali. Adapinda nsalu yawo bwinobwino, kona ndi kona, monga ankapindira malemu, n'kutuluka osatsanzika.

Nkhani ikadathera pamenepo, bwenzi ndisanalembe. Koma Chala adagwidwa ndi chisoni, ndipo chisoni cha munthu ameneyu n'choopsa kuposa ulesi wake.

Loweruka adafika pageti atameta mutu wonse, ali ndi tabuleti ina yosweka pakona.

"Imeneyo ndi iti?" adafunsa Mayi a Zipi, dzanja lili kale pa sizasi.

"Musaope, mayi. Ya mayina ija sindikuikhudza, ndaisiya ku ofesi. Iyi ndi ina, ya zaukhondo. Mwini wake adapita kukachira, adandisiyira ine, yakhala m'kabati kwathu miyezi yonseyi. Ndaganiza kuti ndiyambe kugwira ntchito ngati munthu."

Adasuzumira pansi pa tebulo, adayang'ana dengu la zidutswa za nsalu, adapaka chala pamakina n'kuchiyang'ana. "Malo aukhondo chonchi mumsika muno mulibe. Ndikupatsani nyenyezi zonse. Mundikhululukire nazo."

Ndani sakonda kuyamikiridwa? Mayi a Zipi adamuuza kuti avule malaya, n'kumusokera batani la pakhosi lija ulele. Ndipo Chala, pokhala tsopano munthu wakhama, Lolemba adalawirira ku ofesi, Magalasi asanafike, n'kukalumikiza yekha tabuleti yoswekayo.

Nayonso inali ndi mayina a msika wonse, a miyezi yapitayo, a Telala akadali ndi moyo wawo. Ndipo Loweruka ndi lapambuyo pa Lachisanu.

"Mayi," adatero abwana tsiku limenelo, "amuna anu ali moyo. Ndipo ndikuona apa kuti ndi aukhondo kwambiri."

Magalasi adatsala pang'ono kulira. Adati alembanso pompo, abwana asaine pompo. Abwana adati iwo amasaina zimene apeza, osati zimene zakonzedwa iwo akuona. Adatinso kaya alembe kaya asalembe, ogawa makiyi adali atabwera kale m'mawa womwewo, adakopera mayina m'tabuleti yawoyawo n'kupita nayo, ndipo sadzalumikizanso mpaka makiyi atagawidwa. Adatenga makiyi awo a galimoto n'kutuluka.

Chala anali ataima pakhomo, batani lake latsopano lili pakhosi. Mayi a Zipi adamuyandikira, adaligwira batanilo, n'kulidula ndi sizasi. Adaliika m'thumba la diresi n'kumapita.

Tsiku logawa makiyi, Mayi a Zipi adadzuka n'kutsegula sutikesi imene sadaitsegule chichokere maliro. Adatulutsa jekete la malemu, la bulauni, limene ankavala kukazizira. Linkanunkhabe mafuta a makina. M'thumba adapezamo choko cholembera nsalu ndi chiswiti chimodzi chimene adokotala adawaletsa. Adakhala pabedi kanthawi ndithu. Kenaka adalivala, adapinda manja ake, adakoloweka tepi yoyezera m'khosi, n'kuvala chipewa.

Pabwalo la msika watsopano adaika tebulo, ndipo patebulo panali bambo wachilendo, wochokera kulikulu, wosadziwa munthu aliyense. Anali ndi tabuleti yake ndi katoni ya makiyi, ndipo ankayang'ana wotchi pafupipafupi. Bamboyo adamuimika Chala pambali kuti azithandiza kuloza anthu. Mlamu uja anali kutsogolo kwenikweni, atavala malaya oyera, thabwa lake la makava ataliyedzamitsa kale pachitseko cha shopu ya pageti.

Shopu ya pageti ndiyo inali yoyamba. Bamboyo adaitana dzina la malemu, lonse, mokweza.

"Ndilipo," adatero Mayi a Zipi, n'kufika patebulo.

Bamboyo adayang'ana chipewa, jekete, diresi, mpaka masilipasi. "Dzina ili ndi la mwamuna."

"Ndinalipeza choncho."

Bamboyo adadina pamene pamayenera kutuluka chithunzi. Padangotuluka kabokosi kotuwa. Zithunzi zimakhala kukompyuta, m'tabuleti muli mayina okha, ndipo msika watsopano uli m'chigwa chomwecho. Adaikweza tabuletiyo m'mwamba, adaitembenuzira kum'mawa, adaigwedeza. Wina adamulangiza za mulu wa njerwa kuseri kwa zimbudzi. Bamboyo adayang'ana nsapato zake zopolisha, n'kuyang'ananso wotchi.

"Alipo amene akumudziwa munthu uyu?"

"Ndi yemweyo, bwana," adatero a Nsapato. "Wadwala nthawi yaitali, ndiye wasintha."

"Ndi yemweyo," adavomera amayi a tomato.

"Amandisokera ndi yemweyu," adatero wometa.

Mlamu adalumpha. "Bodza limenelo. Achimwene anga adamwalira. Bokosi ndinanyamula nawo ine, phewa ili. Awa ndi alamu anga, mkazi wawo."

Bambo wachilendoyo adaweramira tabuleti, adayendetsa chala m'mwamba ndi m'munsi. "Adamwalira liti?"

Mlamu adatchula mwezi.

"Ndiye si ameneyu. Uyu apa akuoneka kuti wakhala akugwira ntchito miyezi yonseyi. Loweruka lapitali adalandira nyenyezi za ukhondo." Adatembenukira kwa Chala. "Wolemba ndinu? Zili apazi n'zoona?"

Chala adayang'ana mlamu. Adayang'ana Mayi a Zipi, ndi sizasi imene inkasuzumira m'thumba la jekete. Adagwira kolala yake yopanda batani.

"Bwana, ndinalemba ndine, ndi chala changa ichi. Munthu ameneyu kujomba sakudziwa."

"Ndiye tisatayitsane nthawi. Sainani apa, bambo." Adaima pang'ono. "Kapena mayi. Sainani."

Mayi a Zipi adasaina ndi chala pagalasi, mzere wokhotakhota umene sungakhale dzina la munthu aliyense. Adalandira kiyi. Adapita pachitseko cha shopu, adanyamula thabwa la makava, n'kukalipereka kwa mwini wake ndi manja awiri.

"Alamu, katundu wanu. Ndi wolemera kwa munthu wabambo, samalani msana."

Shopuyo ndi yabwino, ndisaname. Simenti yosalala, zenera loyang'ana pamene pamaima maminibasi, ndipo denga silidontha. A Nsapato adapatsidwa yoyandikana nayo, ndipo m'mawa uliwonse amagogoda pakhoma n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Ogwira thalauza ndi dzanja limodzi akubwerabe.

Koma taonani mmene zidatembenukira. Mayi amene adakwera chitunda mobwerezabwereza kuti amuna awo amwalire, tsopano ankafuna kuti amunawo asafe. Akangofa m'makina, shopu yapita kwa wa malaya oyera, amene adasamutsira thabwa lake pafupi ndi geti latsopano ndipo amapereka moni kawiri pa tsiku. Ndiye m'mawa uliwonse Mayi a Zipi amathira tiyi makapu awiri, imodzi yawo, ina ya Chala.

"Wadina?"

"Ndadina, mayi."

"Ndionetse."

Batani la pakhosi adamusokeranso, ndi ulusi wapawiri.

Zidayenda choncho mpaka tsiku lina masana, pamene Magalasi adatsika chitunda yekha, chinthu chimene sadachitepo. Adalowa mushopu akumwetulira, akupuma mwa wefuwefu.

"Mayi, zatheka. Ndinawalembera anthu amene adapanga pulogalamuyi, ndinawafotokozera nkhani yanu yonse. Akonza. Kuyambira lero munthu akalembedwa kuti wamwalira, palibe tabuleti imene ingamudzutse, kaya ilankhule pomaliza. Ndingodina kamodzi, a Telala apumule."

Mayi a Zipi sadasiye kupondaponda makina. Adamaliza msoko, adadula ulusi ndi mano.

"Ukadina, dzina langa lilowa?"

Magalasi adayang'ana pazenera. Mlamu adamukwezera dzanja ali pathabwa lake.

"Zosintha mayina zinatsekedwa," adatero pang'onopang'ono. "Shopu ipita pamzere."

"Ndiye wathamanga chitunda chonsechi kudzandiuza kuti wapeza njira yondichotsera pano."

"Mayi, ine ndimafuna..."

"Ndikudziwa zimene umafuna, mwana wanga. Nonsenu mumafuna zabwino, n'chifukwa chake ndaonda. Khala pansi, zipi ya chikwama chakoyo yatha, ndakhala ndikuiona kuyambira tsiku loyamba."

Magalasi adakhala. Adatulutsa zinthu zake m'chikwama n'kuziika pamiyendo, ndipo adangoyang'ana amayiwo akusomola zipi yakale.

"Nanga ndichite bwanji?" adafunsa pomaliza pake.

"Munthu akugwira ntchito osajomba, waukhondo, salimbana ndi aliyense. Umuphere chiyani? Asiye."

Magalasi adatenga chikwama chake ndi zipi yatsopano, adakwera chitunda, ndipo mpaka lero sanadine.

Ndiye izi ndi zimene zikuchitika. Amatsegula shopu ndi Mayi a Zipi. Amasesa ndi iwo, amasoka ndi iwo, zala zobayidwa ndi singano ndi zawo. Koma mukapita ku ofesi pamwamba pa sitolo ya penti, fufuzani m'kompyuta, fufuzani m'tabuleti ya Chala, m'yosweka ija, m'ya bambo wa nsapato zopolisha, dzina lawo simulipeza paliponse. Zonsezo zimalumikizana Lachisanu lililonse, zimauzana nkhani, ndipo zonse zimagwirizana kuti pageti pali mwamuna wakhama. Mwezi watha adabweretsa satifiketi ya wamalonda wosunga nthawi, ya dzina la malemu. Adaipachika pamwamba pa makina, nanga akadatani? Anthu amaseka akaiona, iwonso amaseka. Koma pali masiku ena amene amafuna kungokhala mkazi amene amuna ake adamwalira, n'kulira pang'ono popanda kuopa kuti wina amva n'kukadina.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina ndinu a m'maofesi, mwina ndinu amene mumapanga zinthu zimenezi muli pamalo pamene netiweki imagwira. Musandiuze za malamulo, ndinawawerenga pakhoma. Musandiuze kuti pepani, pepani ndamva wokwanira. Ndikufunsa chinthu chimodzi. Tsiku limene mayi ameneyu adzagone osadzuka, jekete lili pamsomali, mudzalemba kuti wamwalira ndani, popeza iyeyo simunamulembepo kuti alipo? Ndiyankheni.